GPS m'ndege yaing'ono: zomwe ndakumana nazo kuchigwa cha Shire

Ntchito yanga ndi yoyendetsa ndege zing'onozing'ono, zija za injini imodzi zonyamula anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Maulendo anga ambiri ndi otsika kuchokera ku Chileka kupita kuchigwa: ku Nchalo, ku Bangula, ku Nsanje ndi ku timabwalo tina tafumbi ta m'mbali mwa Shire. Anyamata ndi atsikana amene akuphunzira ntchitoyi amakonda kundifunsa ngati GPS, njira yodziwira pamene uli kudzera m'masetilaiti, ndi yodalirika moti munthu n'kusiya mapu apepala kunyumba. Ndimawayankha kuti masetilaiti enieniwo sanandigwiritsepo mwala. Zomwe ndaziona zikulephera ndi zapansi pompano: kachipangizo kotenthedwa ndi dzuwa, waya wa tchaja womasuka, manambala okoperedwa molakwika, komanso mtima wa munthu amene wakhulupirira mzere wa pasikirini mpaka kuiwala kuti kutsogoloko kuli phiri. Ndalemba izi kuti amene adzaulukire kuno adziwiretu, ndiponso kuti a m'maofesi ndi m'midzi amene amatitumizira malo oti tipite adziwe mbali yawo.

Anthu ambiri amaganiza kuti GPS imayendera netiweki ya foni, ndiye amandifunsa kuti kumwambako bando imagwira bwanji. Siifuna bando ayi. Masetilaiti ake, omwe ndi a boma la America, amazungulira dziko kawiri patsiku pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo iliyonse imangolengeza nthawi yake ndi pamene ili. Kachipangizo kam'ndege kamangomvetsera, n'kuwerengera kuti uthenga wa setilaiti iliyonse watenga nthawi yaitali bwanji kuti ufike. Kakamva masetilaiti anayi, kadziwa pamene kali ndi kutalika kwake. Dongosololi linakonzedwa kuti pazikhala masetilaiti osachepera 24, ndipo ogwira ntchito masiku ano amakhala cha m'ma 30. Kuchigwa thambo ndi lotseguka mbali zonse, choncho kuwamva si vuto. Kale boma la America linkasokoneza dala uthengawu kuti anthu wamba asamapeze malo enieni, moti munthu ankatha kuphonya ndi mamita 100, koma linasiya mu Meyi 2000, ndipo kuyambira pamenepo kuphonya kwake ndi kwa mamita ochepa chabe. Zipangizo zatsopano zimamvanso GLONASS ya ku Russia, Galileo ya mayiko a ku Ulaya ndi BeiDou ya ku China. Chofunika intaneti ndi mapu okha, ndipo amenewo muyenera kuwatsitsiratu muli pansi. Chenjeraninso pogula: matabuleti ena oyendera Wi-Fi yokha alibe kolandirira GPS m'kati mwake. Ali m'tauni amaoneka ngati akudziwa malo, koma mukangonyamuka amasokonera.

Mdani woyamba kuchigwa ndi dzuwa. Amene anakhalapo ku Ngabu kapena ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala akudziwa zomwe ndikunena: kutentha kumadutsa madigiri 40, mbuzi zomwe zimathawira pansi pa ngolo. Makampani akuluakulu opanga mafoni ndi matabuleti amalemba kuti zipangizo zawo zizigwira ntchito potentha mosapitirira madigiri 35. Tsono ndege ikaima padzuwa kuyambira m'mawa, zitseko zili zotseka, m'kati mwake mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa.

Tsiku lina ndinanyamuka ku Bangula dzuwa lili paliwombo, nditanyamula mayi wina wa zachipatala ndi mabokosi ake. Ndege ya tsikulo inali yakale, yopanda GPS yomangirira padashibodi, choncho ndinali ndi tabuleti yopachika pachiwongolero. Titangokwera pang'ono, sikirini inada, n'kulemba kuti yatentha kwambiri, iyambe yazizira kaye. Inali nyengo ija anthu amatentha tchire, kuphatikizapo utsi wa nzimbe zootchedwa, moti mapiri a Thyolo, omwe masiku ena amaoneka bwinobwino kudzanja lamanja, anali atazimiririka. Kutsogolo kunali kotuwa kokhakokha. Pansi penipeni ndi pomwe pankaoneka.

Mayi uja anaona nawo, ndipo anandigwira pamkono.

"Akaputeni, chazimatu ichi. Tifika koma?"

"Tifika, mayi. Taonani kumanzereku, msewu uwo. Ndi womwe uja mumadutsa pa ambulansi."

Mapu apepala anali pabondo. Mzere ndinali nditaujambula kale ndi pensulo, pamodzi ndi digiri ya kampasi ndi mphindi zoyenera kufika pachizindikiro chilichonse. Ndege zathuzi zimayenda pafupifupi mamailosi awiri pamphindi, ndiye wotchi yokha imakuuza zambiri. Ndinasunga msewu wa M1 kumanzere, dambo la Elephant Marsh kumanja. Ngabu inadutsa panthawi yake. Kenaka kubiriwira kwa nzimbe za ku Nchalo, ndi minda yozungulira ija yothiriridwa ndi mapaipi oyenda okha, kunatulukira mu utsi muja, kenaka mchenga woyera wa mtsinje wa Mwanza, kenaka mlatho wa Kamuzu. Ndinali nditayamba kukwera msanga kuti pofika kumapiri tikhale pamwamba ndithu. Tabuleti ija ndinaivula chikwama chake n'kuiyandikiza pakabowo kolowera mphepo, ndipo inadzuka tili cha ku Chikwawa. Itayaka inaonetsa ndendende pomwe tinali, pomwenso pensulo yanga inkanena.

Ndiye mukatera kuchigwa, tabuleti musaisiye m'ndege. Inyamuleni, ikhale pamthunzi pomwe mwakhala inu. Pouluka ichotseni m'chikwama chake, ndipo musaipachike pomwe dzuwa la pagalasi likuimenya mwachindunji. Dziwani kuti kutchaja ndi kuwalitsa sikirini kwambiri kumawonjezera kutentha. Foni yokhala ndi mapu omwewo ikhale m'thumba, yodzaza batire. Waya wa tchaja nawo ndi wosakhulupirika: mabwalo athuwa ndi a mabampu, ndege imagwedezeka pothamanga, pulagi n'kumasuka pang'ono osaonekera, fumbi n'kulowanso m'kabowo. Ine ndikangonyamuka ndimayang'ana kachizindikiro ka batire ngati kakuonetsabe kuti moto ukulowa.

Chachiwiri chimandiopsa kuposa kutentha, chifukwa sichichenjeza. Chipangizo chimakhala chikugwira ntchito bwinobwino, koma chikukutengera kolakwika.

Chigwa chino chaona madzi: Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ngati zimenezi, ntchito ya ndege yaing'ono imakhala yokaona kuti anthu atsekeredwa pati, kuti maboti ndi mahelikopita apite malo oyenera. Chaka china mwa zaka zimenezi, uthenga unabwera woti kutsidya, cha ku Makhanga, anthu akwera padenga la sukulu. Munthu wa komweko anawerenga manambala pafoni yake, wina anawalemba papepala, wachitatu anawakopera pafomu ya ulendo. Foni inanena kuti 16.50, kutanthauza madigiri 16 ndi theka. Pofika kwa ine anali atasanduka madigiri 16 ndi maminitsi 50. Zikuoneka ngati n'zofanana, koma digiri imodzi ili ndi maminitsi 60, osati 100, choncho 16.50 ndi madigiri 16 ndi maminitsi 30. Minitsi imodzi yolowera kumpoto kapena kum'mwera ndi mamita 1,852. Maminitsi 20 osiyanawo ndi makilomita 37.

Mwambo wanga ndi woti nambala iliyonse yomwe ndapatsidwa ndiyambe ndaiika pamapu ndisanalize injini. Kadonthoko kanagwera kufupi ndi boma la Nsanje, pomwe Makhanga ili kumtunda, cha ku Chiromo komwe Ruo amathira mu Shire. Ndinapempha kuti amuimbirenso munthu uja, ndipo anatumiza chithunzi cha sikirini ya foni yake. Pamenepo m'pomwe zinaoneka. GPS ikanandifikitsa ndithu pamalo olakwikawo, mosaphonya ngakhale pang'ono, ine ndikuzungulira pamwamba pa madzi opanda munthu, mafuta akutha, ana ali padenga kwina. Palinso china: kum'mwera kwa Chiromo mtsinje wa Shire ndiwo malire, ndiye kulakwitsa pang'ono chakum'mawa walowa mu Mozambique wopanda chilolezo.

Kwa inu amene mumatumiza malo, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, a komiti zoona za ngozi m'midzi, chonde musamawerenge manambala pakamwa ngati pali njira ina. Tumizani malowo pa WhatsApp, kapena jambulani sikirini. Onjezani mawu anuanu: pasukulu ya malata ofiira, kumpoto kwa njanji, pafupi ndi mlambe waukulu. Mawu amenewo ndi omwe amandithandiza kugwira nambala yabodza. Ndipo ngati manambala mwawatenga pamapu akale a boma, nenani, chifukwa mapu amenewo anajambulidwa pa muyezo wa Arc 1950 pomwe GPS imayendera WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo amatha kusiyana ndi mamita mazana angapo.

Ndisaipitse mbiri ya chipangizochi. Madzi akasefukira, zizindikiro zonse zomwe ndatchula zija zimamira. Shire samadziwikanso kuti akudutsa pati, chigwa chimangokhala nyanja yamatope, kungotsala madenga, nsonga za migwalangwa ndi kamtunda ka njanji. Nthawi imeneyo GPS ndiyo imagwira ntchito yomwe diso silingathe. Ndikaona anthu pachulu kapena mumtengo, ndimadina batani, malo asungika, ndipo a boti amakafika pomwepo. Pali anthu amoyo lero chifukwa cha kabatani kameneko, ndipo sindingalole munthu kunyoza GPS pamaso panga. Kungoti mapu a m'kati mwake amatsalira m'mbuyo. Zokhudza mabwalo akuluakulu, malire a mumlengalenga ndi manambala a wailesi zimakonzedwanso masiku 28 aliwonse, koma mtsinje sukonzedwa nawo. Mu 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzikumbira ina, ndipo kamzere kabuluu ka pasikirini kanapitiriza kuonetsa njira yakale. Elephant Marsh imakula ndi kuchepa malinga ndi chaka. Milongoti yatsopano ya foni ndi mawaya a magetsi odutsa pamitsinje musayembekezere kuti muziona pasikirini.

Tsopano ndifike pomwe pamandiwawa kwambiri.

Chigwa chino ndi chotsika zedi. Kumalire a Nsanje ndiko kotsikitsitsa m'Malawi muno, mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo Nchalo safika mamita 100. Chileka ali pamamita pafupifupi 780. Phiri la Michiru, lotalika mamita oposa 1,400, lili kum'mwera kwenikweni kwa bwalo la Chileka. Ukakhala ku Nchalo n'kudina kuti GPS ikulozere ku Chileka, imajambula mzere woongoka bwino, ndipo mzerewo umalunjika cha ku Michiru komweko. Tsiku lowala palibe vuto, phiri ukuliona. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mitambo yotsika ndi mvula yowaza ija yochokera chakum'mwera chakum'mawa. Kuchigwa kumatha kukhala kowala ndithu, koma mtambo utakhala pamapiri kuyambira ku Thyolo mpaka ku Blantyre.

M'mawa wina wa Julayi ndinanyamula bambo wina amene anali ndi msonkhano ku Blantyre. Tisanakwere ndinamuuziratu kuti ndikafika pamlatho wa Kamuzu osaona pamwamba pa mapiri, tibwerera. Anavomera mwachangu, mwina poganiza kuti ndikungonena. Titafika pamlathowo, msewu wokwera ku Thabwa unkaoneka ukukhotakhota mpaka pakatikati pa phiri, kenaka n'kulowa mumtambo. Ndinayamba kutembenuka.

"Achimwene, bwanjinso? Si muli ndi GPS apa? Mzerewu ukuoneka bwinobwino, ingoutsatani."

"Bwana, mzerewo ndikuuona. Koma ukulowa mumtambo, ndipo mumtambomo muli miyala."

"Ndiye sikukuonetsani mapiriwo? Ndikuona zofiira ndi zachikasu apa."

"Ikuonetsa, bwana. Koma ndegeyi ndi ulendowu ndi zoyendera maso. Tibwerere, mukwere galimoto."

Anakwiya, ndipo ndinamumvetsa, chifukwa msonkhanowo unali wofunika kwa iye. Tinatera pomwe tinanyamukira, iye anapita pamsewu.

Funso lake lija ndi lomwe limapha anthu, ndipo oyendetsa ndege nafenso timadzifunsa mumtima. Mitundu yofiira ndi yachikasu ija imakupatsa mtima woti ungathe kudzipanikiza pakati pa mtambo ndi phiri, kapena kulowa mumtambo pang'ono pokha n'kutulukira kuseri. Kale, munthu wopanda GPS ankaopa msanga n'kubwerera akadali kutali. Lero amapitirira chifukwa akudziwa pamene ali. Koma ukalowa mumtambo, vuto loyamba silikhala la malo. Thupi limayamba kukunamiza: umamva ngati ndege yaongoka pomwe yapendekeka, ukati uikonze ndiye ukuipendeketsa kwambiri. Mapu a pasikirini sakuuza ngati mapiko ali chopingasa bwino, ndipo amachedwa pang'ono kuonetsa kuti wakhota. Kuuluka mumtambo kuli ndi maphunziro ake, chiphaso chake, zipangizo zake ndi njira zake zovomerezeka, zomwe zimakusunga pamwamba pa phiri lililonse la m'deralo. Tabuleti siilowa m'malo mwa zimenezo.

Tonse m'dziko muno tikukumbukira za pa 10 Juni 2024, pomwe ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo anthu onse 9 anamwalira, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, malemu Dr Saulos Chilima. Akatswiri a ku Germany amene anafufuza anapeza kuti ndegeyo inalowa m'nyengo yoipa ikuuluka motsika, n'kuomba mtunda wokwera. M'ndegemo munali GPS, ndipo m'menemo ndi momwe ofufuzawo anatenga njira yomwe ndege inadutsa. Sindikutchula izi kuti ndiweruze anzathu amene anatisiya. Ndikuzitchula chifukwa Juni wa ku Chikangawa ndi Juni wa kumapiri a Thyolo ndi Chikwawa amafanana, ndipo ndikufuna wophunzira aliyense asankhiretu malo ake obwererera akadali pansi, mutu uli wozizira, wokwera asanayambe kuchonderera.

Pali kusiyana pakati pa GPS yomangirira m'ndege, yovomerezeka, ndi ya m'manja. Yomangirira ili ndi eriyo yake pamwamba pa ndege, imadya moto wa ndege, ndipo imadzifufuza yokha kudzera m'njira yotchedwa RAIM: ikamva masetilaiti asanu imatha kuzindikira kuti imodzi ikunama n'kukuchenjeza, ikamva asanu ndi imodzi imatha kuitaya yonamayo n'kupitiriza. Tabuleti ndi foni sizilonjeza zimenezo. Ku America kuli WAAS, ku Ulaya kuli EGNOS, zothandizira kukonza uthenga wa GPS, koma zimenezo zinapangidwira madera awo, osati kuno. Pa za kutalika, GPS imaphonya kwambiri kusiyana ndi momwe imaphonyera pa za malo, ndipo ndege zonse zimapatukirana potengera altimita, chipangizo choyendera mpweya choonetsa kuti ndege yakwera bwanji. Kumabwalo afumbi kulibe wokupatsa QNH, nambala ya kulemera kwa mpweya yotcherera altimita, ndiye ndimatchera altimita pa kutalika kodziwika kwa bwalolo ndisananyamuke, n'kudzaikonzanso ndikalankhula ndi a ku Chileka.

Uthenga wa masetilaiti nawo umatha kusokonezeka, poti umafika pansi uli wofooka kwambiri. Mu Meyi 2024 mkuntho wa padzuwa unasokoneza GPS mpaka alimi ena ku America anaimitsa mathirakitala awo pakati pa nyengo yodzala. Kumadera a nkhondo, monga kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Middle East, uthengawu amautsekereza dala kapena kutumiza wabodza. Ine kuchigwa kuno sindinakumanepo nazo, koma n'chifukwa china chosungira kampasi yoyezedwa bwino, wotchi ndi pensulo.

Chotsiriza ndi bwalo lenilenilo. GPS idzakufikitsa pamwamba pake, koma siidziwa kuti usiku kunagwa mvula ndipo dothi la makande lasanduka phala loti matayala n'kutitimira. Siidziwa kuti chiswe chamanga chulu pakati, kuti anyamata azika magoli a mpira, kapena kuti ng'ombe, zomwe kuchigwa n'zambiri, zikudya msipu pomwepo. Pabwalo lililonse lomwe ndimapitako ndili ndi nambala ya munthu wa pafupi, kawirikawiri mlonda wachikulire. Ndimamuimbira m'mawa.

"Madala, mwadzuka bwanji? Bwalo lili bwanji lero?"

"Tadzuka, akaputeni. Kumtundaku kwauma, koma kumunsi kuja ngolo inatitimira dzulo. Bwerani masana dzuwa likamenya."

Ndimamupempha ayende bwalo lonse ndi miyendo, osangoyang'ana ali pamthunzi, ndipo auze abusa nthawi yomwe ndifike. Ndikafika ndimadutsa kaye motsika kumbali kwa bwalo, kuyang'ana mtundu wa dothi, mikwingwirima ya ngolo, ana, ndi komwe utsi wa m'midzi ukulowera kuti ndidziwe mphepo, makamaka masiku a mwera. Foni ya madala aja ikapanda kupezeka, ndimathira mafuta okwanira kupita, kuzungulira, ndi kubwerera ku Chileka osatera.